Kachubu kakatseka, timati ndi malungo

Mwana wa madzi m'mutu akabwerako ku Queen Elizabeth ku Blantyre ataikidwa kachubu, pakhomo mitima imakhala pansi. Mutu wasiya kukula mothamanga, liwombo laphwa, mwana akuyamwa. Kusangalala n'koyenera. Koma kachubuka, kamene madokotala amati shunt, sikachotsa matendawa. Kamangotsitsa madzi ochuluka kuchokera mu ubongo, kudzera pansi pa khungu kuseri kwa khutu ndi m'khosi, mpaka m'mimba momwe thupi limawamwa. Ana ambiri amakhala nako moyo wonse, ndipo ena amaphunzira sukulu ngati anzawo.

Vuto lake n'lakuti kamatseka. Pa ana 10 oikidwa kachubu, pafupifupi 4 amafunika opaleshoni ina zaka ziwiri zisanathe. Tizilombo tikhoza kulowamo, makamaka m'miyezi yoyambirira, ndipo mwana akamatalika kamatha kufupika kapena kuduka.

Chotidetsa nkhawa kuno ku Neno n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi malungo: kusanza, kutentha thupi, tulo tosadzuka nato msanga, kulira kosatonthozeka, kukomoka. Timagula panado pagolosale n'kudikira kuti kuche. Tiziyang'ana zina: liwombo lotupa ngakhale mwana ali chete, maso ogwera pansi mpaka choyera chake kuonekera pamwamba, kufiira kapena kutupa motsata njira ya kachubu, mimba yowawa. Wokulirapo amadandaula mutu, makamaka m'mawa. Kachotupa kakuseri kwa khutu tisamakadinedine, ndipo pamutu pasatemedwe mphini.

Tikafika ku Matandani, ku Lisungwi kapena pachipatala cha boma pa Neno, mawu oyamba akhale akuti, "Mwanayu ali ndi shunt," buku lakuchipatala lili m'manja. Malungo akapezeka m'magazi sindiye kuti kachubu kali bwino. Ziwirizi zimatha kukumana. Tifunse mosachita manyazi ngati mwana akufunika kutumizidwa ku Blantyre, chifukwa madzi akachuluka kwa masiku amawononga maso ndi ubongo, ndipo zowonongekazo sizibwereranso.

Zikayamba Lachisanu madzulo, tisadikire kuti Sabata lithe. Akulu ampingo apemphere mwana ali kale panjira. Ndipo popeza tonse tikudziwa mmene misewu ya ku Dambe imatererera mvula ikagwa, ndalama yoyendera ndi nambala ya wakabaza zizikhala m'buku lakuchipatala lomwelo, dzinja lisanayambe.