Ophunzira a ku Salima Adziwe za Mapulogalamu Aufulu

Boma la Salima limadziwika ndi misonkhano. Mabungwe amakhamukira ku mahotela a ku Senga Bay kukakambirana za chitukuko, ndipo nkhani ya makompyuta sisowa pa zokambirana zawo. Koma ana a asodzi a m'mbali mwa nyanja ndi ana a alimi a mpunga a ku Lifuwu amangoona magalimoto akudutsa. Maganizo anga ndi akuti yakwana nthawi yoti ophunzira a m'bomali akhale ndi tsiku lawolawo lodziwira mapulogalamu aufulu a pakompyuta, ndipo tsikulo lichitikire m'kalasi osati ku hotela.

Kodi mapulogalamu aufulu n'chiyani? Awa ndi mapulogalamu amene munthu aliyense ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, wofufuza momwe adalembedwera, wowasintha komanso wogawira anzake popanda kuphwanya lamulo. Ganizoli lidayamba ndi Richard Stallman yemwe adayambitsa ntchito ya GNU mu 1983. Mu 1991, Linus Torvalds, yemwe panthawiyo adali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, adayamba kulemba Linux. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa adatulutsa Ubuntu, mtundu wa Linux wosavuta kugwiritsa ntchito, ndipo dzinali n'chimodzimodzi ndi mawu athu akuti umunthu. Chaka chomwecho kudayamba tsiku lotchedwa Software Freedom Day, lomwe tsopano limakumbukiridwa Loweruka lachitatu la mwezi wa Seputembala m'mayiko ambiri.

Chifukwa choyamba chochitira tsikuli ndi makompyuta amene tili nawo. Ambiri mwa makompyuta a m'sukulu zathu ndi akale, olandira kwa anthu akufuna kwabwino. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta akale ambiri sangathe kunyamula Windows 11. Sukulu yopanda ndalama imatsala ndi njira ziwiri: kutsekera makinawo m'sitolo kapena kuikamo mapulogalamu okopera mwakuba, omwe kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. Komatu pali mitundu ya Linux yopepuka imene imadzutsa makina otere. LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengera masamu, ndipo palibe laisensi yolipira.

Chifukwa chachiwiri chikukhudza ife ophunzira zilankhulo. Pulogalamu yotsekedwa imayankhula Chichewa pokhapokha mwini wake akaona kuti apezapo phindu. Pulogalamu yaufulu tikhoza kuimasulira tokha, m'Chichewa ngakhalenso m'Chiyao chimene anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja amayankhula. Timadandaula kuti chilankhulo chathu chilibe mawu a sayansi, koma mawuwo sadzagwa kumwamba. Amabadwa pamene anthu akhala pansi n'kumakangana kuti batani lakuti alitcha chiyani.

Ena anganene kuti olemba ntchito amafuna munthu wodziwa Windows ndi Microsoft Office, choncho kuphunzitsa zina n'kusokeretsa ana. Mfundoyi ndi yomveka, koma yemwe wadziwa kupalasa bwato lina savutika akalowa m'bwato la mnzake. Wodziwa kulemba pa LibreOffice sangasowe chochita pa Word, ndipo mafayilo a Word amatseguka pa LibreOffice. Komanso mapulogalamu aufulu ali kale pantchito m'dziko muno. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kudzera pa DHIS2, pulogalamu yaufulu yomwe imatsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo. Ngakhale Android ya m'mafoni athu idamangidwa pa Linux.

Nanga tsikuli lingakonzedwe bwanji? Poyamba pafunika malo amene ali ndi magetsi, monga sukulu ya sekondale ya pa boma kapena Salima Technical College. Kenaka okonza akambirane ndi aphunzitsi akulu, makomiti a makolo ndi mafumu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Intaneti isakhale chodalira chifukwa ndi yodula. Ubuntu imatha kuyaka kuchokera pa fulashi popanda kufufuta zimene zili m'kompyuta, ndipo pulogalamu ya Kiwix imalola munthu kuwerenga Wikipedia popanda intaneti. Zoyankhula zichepe. Wophunzira aliyense agwire yekha kompyuta, alembe kalata, aisunge, aitsegulenso. Atsikana apatsidwe makina awoawo, chifukwa pakakhala kulimbirana anyamata ndiwo amakhala kutsogolo. Pasakhale ndalama zolipira anthu chifukwa chobwera. Ndalama zikapezeka zigule mafulashi oti sukulu iliyonse itenge.

Chofunika koposa ndi zimene zidzatsale tsikulo likadutsa. Ngati pa sukulu sipatsala mphunzitsi mmodzi ndi ophunzira angapo odziwa kuika pulogalamu ndi kukonza ikavuta, makinawo adzabwerera m'sitolo pasanathe teremu. Choncho m'mawa ukhale wa ophunzira onse, masana akhale a aphunzitsi ndi atsogoleri a makalabu a makompyuta.

Pomaliza, ndikupempha ophunzira anzanga ochokera ku Salima, Chipoka ndi Khombedza kuti tisadikire bungwe lakunja. Malaputopu athu, mafulashi ochepa ndi chilolezo cha mphunzitsi wamkulu n'zokwanira kuti Seputembala akubwerayu tiyambepo.