Mandasi sangamange thupi la wosewera mpira

Akonzi,

Amene analemba nkhani yanu yapitayi anasokeretsa anthu polangiza anyamata osewera mpira kuti azidya mandasi ndi kumwa zakumwa zashuga kuti awonjezere thupi. Zimenezo zimangounjika mafuta, mwana n'kumalemedwa m'bwalo.

Minofu imafuna zakudya zomanga thupi. Magalamu 100 a mtedza ali ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25, pomwe dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Mnyamata adye phala la soya lotendera m'mawa, nsima ya usipa kapena nyemba masana, ndipo amwe mkaka akachoka kubwalo. Azinyamula zitsulo kawiri kapena katatu pasabata mphunzitsi akumuyang'anira, n'kumagona maola 8 mpaka 10.

Magazini yanu ikonze uphunguwu msanga, chifukwa aphunzitsi a zamasewera m'sukulu amaiwerenga.

Wowerenga,
Zomba