Gombe likhale la ntchito: chilengezo cha anthu a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi

Ife alimi, amayi a geni ya nsomba, oyendetsa malole ndi a kabaza, aphunzitsi ndi achinyamata a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, tagwirizana kuti tilankhulepo pa za madoko a nyanja ya Malawi. Ena aseka, tikudziwa. Afunsa kuti munthu wa ku Mponela kapena ku Malomo, woti ngakhale nkhafi sanaigwirepo, za doko zikumukhudza pati. Ofunsawo abwere mwezi wa Okutobala masamba atauma, adzavundukule miphika ya ndiwo m'midzi mwathu muno. Adzapezamo usipa, bonya ndi utaka, ndipo nsomba zimenezi zinatsikira pa gombe linalake, pamalo pamene bwato linaloledwa kukocheza.

Kukacha bwino, munthu ataima pa phiri la Ntchisi amaiona nyanja ili ngwee kummawa. Mvula yogwa pa madenga athu imathera momwemo kudzera mu Lingadzi, Chirua ndi Bua. Ndipo mapaipi a madzi ochokera ku Salima kupita ku Lilongwe akukwera kudzera m'dera lathu lomwe lino. Nyanjayi ndi ya kwathu, ndipo tili nawo mawu pa za magombe ake.

Akuluakulu athu akukumbukira kuti kale khomo la dera lino linali kunyanja. Pamene Andrew Murray ndi T.C.B. Vlok ankatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la a Chiwere mu 1889, kunalibe msewu wa galimoto wochokera ku Blantyre. Makalata, mchere, nsalu ndi mabuku zinkabwera pa sitima mpaka ku Domira Bay, amtengatenga n'kusenza kukwera nazo mapiri.  Sitikuiwala kuti madoko ena anatilizapo: ku Nkhotakota, m'masiku a Jumbe, zombo zinkaolotsa minyanga ndi anthu ogwidwa kumtunda kuno, osabwereranso. Mbiri imeneyi ndiyo ikutichititsa kufuna kudziwa amene akulamulira doko ndi zimene zikudutsapo.

Njanji itafika ku Chipoka ndi Salima mu 1935, Domira Bay inazilala, Chipoka n'kutenga malo. Mpaka lero Chipoka ndi doko lokhalo pa nyanja yathu pamene sitima yapamtunda ndi yapamadzi zimakumana. Sitima ya Ilala imene timainyadirayi inadzera pomwepo. Inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, amisiri n'kukailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Inabwera anthu akali ndi chisoni cha sitima ya Vipya, yomwe inamira pa 30 Julaye 1946 ndi anthu 145. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, njira za ku Beira ndi Nacala zitatsekeka, dziko linakumbukiranso nyanja. Katundu ndi mafuta zinkachoka ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya, n'kukwezedwa pa sitima ku Chilumba kudzatsitsidwa ku Chipoka. Sitima ya Katundu ndi ya mafuta ya Ufulu zinali za ntchito imeneyi.

Pitani ku Chipoka lero. Doko lilipo, njanji ilipo, mosungira katundu mulipo, koma phokoso la ntchito silikumveka monga kale. Mafuta ndi feteleza zikubwera pa mathanki ndi malole, kukwera Chiweta mobuula, kukumba M1, ndipo mtengo wa ulendo wonsewo timaulipira ife pogula thumba la feteleza ku Madisi. Sitima imodzi imanyamula katundu wa malole ambiri ndipo siikumba msewu. Ilala yadutsa zaka 70 ikugwirabe ntchito; ikalowa kokonzedwa ku Monkey Bay, abale athu a ku Likoma ndi Chizumulu amatsala pa maboti ang'onoang'ono, mwera uli mkati. Ku Nkhotakota, tawuni yakale chotere, sitima ikabwera imaima patali, anthu n'kumalowa m'madzi ndi katundu pamutu kuti akwere boti lokawafikitsa.

Koma chimene chatidzutsa kwenikweni ndi gombe la asodzi, pakuti limenelo tikuliona likutha ndi maso athu. Mayi wa geni amadzuka tambala woyamba asanalire, amatsikira ku Chezi, amakwera matola mpaka pa Kamuzu Road, kenako kabaza kulowera ku Senga Bay. Amafika kukuyera, nyali za asiginala zikuzima m'madzi, maboti a chilimira akubwera motsogozana. Pamchenga pali kale chipwirikiti: alovi akukoka boti, anyamata akuyeza usipa ndi zidebe, amayi ena asonkha moto wofutsira, ena akuyanika pa thandala. Chapambali mmisiri wagoneka boti chammbali, akukhomerera thonje m'ming'alu ndi tchizulo n'kumata phula, wophunzira wake akumupatsira misomali. Wina akusoka ukonde, wina wamasula injini, wina akukazinga tchipisi. Mayi uja akaoda nsomba zake amamanga dengu, madzulo ali pa msika wa Mvera kapena Dowa boma, ndipo fizi ya mwana imachokera m'dengumo.

Ntchito yonseyi imafuna malo. Thandala limafuna malo, ukonde woyanika umafuna malo, boti lokokera kumtunda limafuna malo. Chaka ndi chaka malowo akuchepa. Apa pamangidwa mpanda wa njerwa mpaka m'madzi, apo paikidwa chikwangwani choletsa kudutsa, kanjira kopita kudoko katsala kongokwana munthu mmodzi wopanda dengu. Ogula malowa ambiri ndi a m'tauni ofuna kotchezera Loweruka, ndipo fungo la usipa sagwirizana nalo, ngakhale chambo chowotcha amachifuna pa mbale. Mahotela sitikudana nawo. Ana athu ena amagwira ntchito kumeneko, ndipo tomato ndi kachewere wathu amagulidwa komweko. Tikukana zoti gombe lonse likhale la anthu opuma, ogwira ntchito n'kusowa poponda. Madzi atakwera mu 2024 analowa m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndipo aliyense anaona kuti nyumba zambiri zinamangidwa pamene kale ankangokokerapo mabwato. Msodzi madzi akakwera amasuntha thandala lake, koma tsopano akati asunthe, kumbuyo kwake kuli mpanda.

Ndiye tikunena izi. Makhonsolo a Salima ndi Nkhotakota, pamodzi ndi mafumu a kugombe, a Maganga, a Ndindi, a Makanjira, a Malengachanzi ndi anzawo, alembe madoko onse a asodzi, awaike malire ooneka, ndipo malo amenewo asagulitsidwe kapena kubwereketsidwa kwa munthu mmodzi, kaya akhale ndi ndalama zotani. Doko lililonse likhale ndi njira yoti ngolo ndi galimoto n'kudutsa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi. M'makomiti a kugombe mukhale asodzi ndi amayi ofutsa nsomba, ndipo ma Beach Village Committee afunsidwe chikalata chisanasainidwe.

Ku boma tikuti: Chipoka idzuke. Pokocheza sitima pachotsedwe mchenga, makina onyamulira makontena akonzedwe, njanji ya pakati pa Nkaya, Salima ndi Kanengo iziyenda mokhazikika, kuti soya, mtedza ndi chimanga cha ku Dowa ndi Ntchisi zizipita kumpoto ndi ku Tanzania pamadzi, kapena ku Nacala pa njanji. Nkhotakota ipatsidwe jeti yeniyeni. Mu 2010 boma linapereka ntchito ya sitima za panyanja ku kampani ya Mota-Engil pa mgwirizano wa zaka 35. Mgwirizano uliwonse wotere, wakale kapena umene ukubwera, uikidwe poyera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, kuti tizidziwa amene analonjeza chiyani ndi amene ayenera kufunsidwa sitima ikaima. Malo okonzera sitima ku Monkey Bay, sukulu ya amalinyero kumeneko, ndi malo okhomera maboti ku Mpwepwe, zisamalidwe ngati chuma cha dziko. Luso la mmisiri wa sitima likafa naye, dziko limadzalipira madola kuitanitsa wakunja.

Tichenjezeretu kuti mwala wa maziko ndi magule sitikuwafuna. Pa 23 Okutobala 2010, doko la Nsanje linatsegulidwa ndi Bingu wa Mutharika, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo, koma bwato la feteleza limene linkayembekezeka linagwidwa ku Mozambique, ndipo mpaka pano khoma la simenti lija likungodikira. Madoko amene tikunenawa ali m'dziko mwathu, pa madzi amene sitima zayendapo kuyambira 1875. Safuna chilolezo cha dziko lina.

Nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo ndi yowawa. Mchenga umene ukukwirira madoko ndi dothi la minda yathu. Tikalima mpaka m'mphepete mwa Lingadzi, tikagwetsa mitengo ya m'mapiri kuotcha makala ndi kumangira zigafa, mvula yoyamba imakokolola zonse kupita kunyanja, matope n'kukwirira moswanirana chambo ndi njira ya mpasa mu Bua. Tikupempha mafumu athu, a Chiwere, a Msakambewa, a Kasakula, a Nthondo ndi ena onse, kuti lamulo losiya mitengo ndi bango m'mbali mwa mitsinje likhale ndi chindapusa chenicheni. Chitsanzo sitikuchifuna kutali. Pa chilumba cha Mbenji, a Makanjira amatseka usodzi dzinja lililonse kuyambira m'ma 1950, ndipo akatsegula mu Epulo asodzi amachokera madera akutali chifukwa utaka ulipo. Ngati mfumu ya kugombe ikutha kuletsa ukonde, ya kumapiri ingathenso kuletsa nkhwangwa. Amayi athu a geni nawo agwirizana kuti nsomba zogwidwa ndi neti ya udzudzu asamaode.

Kwa asodzi, amalinyero ndi amisiri a maboti tikuti: abale athu, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mpanda ukatseka doko lanu lero, mawa dengu lathu libwerera lopanda kanthu. Mukamva kuti gombe likuyezedwa, tumizani uthenga kumtunda kudzera mwa amayi omwe amaoda kwa inu, ndipo ife titsika kudzakhala nanu pabwalo la mfumu.

Aphungu a Dowa ndi Ntchisi, olemekezeka, mukabwera ku misonkhano tidzakufunsani kuti mu bajeti mwaikidwa zingati za Chipoka ndi jeti ya Nkhotakota, ndipo yankho tidzalilemba. Nkhaniyi tiyamba kuitula m'ma VDC ndi m'ma ADC a kwathu, m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi pa masiku a msika ku Mponela, Chezi, Malomo ndi Ntchisi boma. Amene akugwirizana nafe alembetse dzina lake ndi la mudzi wake kwa mlembi wa VDC, ndipo amene amatsikira kunyanja atiuze doko limene amaodako ndi m'mene njira yolowera ilili pakali pano.