Mapu a drone amalakwikira pansi, kandege kasananyamuke

Kuchokera mu June 2017, pomwe boma ndi bungwe la Unicef adatsegula malo oyeserapo tindege topanda munthu mkati totchedwa drone ku Kasungu, tindegeti tidasiya kukhala chodabwitsa m'dziko muno. M'chaka cha 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo lero achinyamata odziwa kutiulutsa alipo ndithu. Ena amajambula maukwati, ena amajambula malo n'kupanga mapu.

Wamaukwati akalakwitsa, mkwatibwi amangonyinyirika basi. Koma wamapu akalakwitsa, ngalande imakumbidwa mopotoka madzi n'kukathera m'nyumba za anthu, kapena malire a munda amalowa kwa mnansi, mlandu n'kukafika kubwalo la mfumu. Chovuta n'chakuti mapu olakwika amakongola chimodzimodzi ndi olondola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nthawi zambiri kandegeko kalibe mlandu. Kamangotsata njira yomwe munthu adakalembera pafoni kapena pakompyuta, ndipo zolakwika zenizeni zimachitika pamenepo.

Mapu sachokera pachithunzi chimodzi. Kompyuta imalumikiza zithunzi mazanamazana potsatira mwala, denga kapena chitsa chomwe chaoneka pazithunzi zingapo. N'chifukwa chake zithunzizo zimayenera kusanjikizana ngati udzu wofolera nyumba: chilichonse chibwereze magawo 75 pa 100 aliwonse a chinzake cham'mbuyo, komanso magawo osachepera 60 a cham'mbali. Waulesi kapena woumira batire amatalikitsa mizere kuti aweruke msanga, mapu ake n'kutuluka obowoka kapena opindika. Pamunda wa chimanga kapena m'nkhalango ya paini ngati ya Chikangawa, momwe paliponse pamaoneka mofanana, magawowo amafunika kufika 85.

Koma msampha waukulu uli pamapiri. Kandege kakauzidwa kuti kauluke mamita 100, kamawerengera kuchokera pomwe kanyamukira, ndipo sikadziwa kuti nthaka ikukwera. Pachidikha cha Kasungu palibe vuto. Nanga ku Ndirande, ku Zomba kapena ku Mulanje? Malo akakwera ndi mamita 60, kandegeko kamatsala mamita 40 okha pamwamba pa nthaka. Chithunzi chilichonse chimatenga kadera kakang'ono, ndipo mizere yomwe idapimidwa kuti isanjikizane ndi magawo 60 imangogundana m'mphepete, osasanjikizananso.

Tsono mapu amaonongeka pamalo otsetsereka, pomwe amafunika kwambiri. Aliyense amene akukumbukira matope ndi miyala zomwe zidatsika m'phiri la Soche mu March 2023, panthawi ya namondwe wa Freddy, akudziwa kuti kupima molakwika kutsetsereka kwa malo si nkhani yamasewera. Mankhwala ake ndi odziwika: kuligawa phirilo m'zigawo, kapena kukonza ulendo woti kandege kazikwera ndi kutsika motsatira nthaka. Zimadya nthawi, n'chifukwa chake ena amazilambalala.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. M'mamawa ndi chakumadzulo mithunzi imatalika n'kubisa njira ndi malire. Mphepo ya mwera imatha batire kandege kasanamalize mizere, pomwe utsi wa lupsa wa mu September ndi October umachititsa khungu kamera.

China chomwe ambiri amachipeputsa ndi zizindikiro zapansi. GPS ya kandege wamba imatha kuphonya ndi mamita angapo, ndipo mamita atatu pamalire a puloti ndi chimbudzi cha munthu. Wodziwa ntchito amayamba wayenda wapansi, kuika zizindikiro zooneka bwino zosachepera zisanu, m'makona anayi ndi pakati, n'kuzipima ndi chipangizo cha opima malo. Amafunsanso kuti mapu akewo akaikidwa pamwamba pa mapu ati, pakuti mapu akale a dziko lino adapimidwa ndi muyeso wa Arc 1950 pomwe GPS imatsata WGS 84. Kusiyana kwake n'koposa mamita 100. Woiwala izi amatha kusamutsa mudzi wonse papepala, manda n'kukapezeka mumsewu.

Ndipo ndondomeko yaulendo yopanda dzina la mfumu ndi yosatha. Chilolezo cha akuluakulu oona zandege n'chofunika, koma sichiletsa mwana kuzula chizindikiro, kapena mwini munda kuganiza kuti alendowo abwera kudzalanda malo. Dziko lomwe lidaona mphekesera za anamapopa zikuphetsa anthu m'chigawo cha kummwera m'chaka cha 2017 si loti mlendo azingofika n'kuulutsa chinthu pamwamba pa nyumba za eni ake osaodira.

Khonsolo, bungwe kapena mwini esiteti wolipira ntchitoyi asamakomedwe ndi chithunzi chokongola chopachika muofesi. Asanatulutse ndalama aone kaye njira yomwe kandege kadatsata, ndipo atenge wopima malo wina, wosakhudzidwa ndi ntchitoyo, apite naye pamalopo akapime ngodya ziwiri kapena zitatu n'kuyerekeza ndi zomwe mapuwo akunena. Zikasiyana, ndalamazo zidikire mpaka kandege kaulukenso.