Mapanga awiri anamuvumbwitsa Ellis Arnall

Pabwalo la nyumba ya malamulo ya chigawo cha Georgia, mumzinda wa Atlanta ku America, paima chiboliboli cha Ellis Arnall. Olemba mbiri amamutchula mwaulemu kuti ndiye gavanala amene anayeretsa boma, mzungu wakummwera amene anali ndi mutu pa nthawi imene anzake anali ndi phokoso lokha. Ine ndikuti mutamandeni, koma ng'oma muichepetse. Zimene anakonza pakati pa 1943 ndi 1947 n'zambiri, palibe wotsutsa. Koma chimene anachizemba ndicho chinapha anthu, ndipo ndicho chinadzameza ntchito yake iye akuonerera.

Analowa bwanji pampando? Mu 1941 gavanala Eugene Talmadge, katswiri wa ndale za tsankho, anafuna kuchotsa ntchito Walter Cocking, mkulu wa gawo la zauphunzitsi pa University of Georgia, pomunena kuti akufuna kukhazika ana a azungu ndi ana a anthu akuda m'kalasi imodzi. Bungwe loyang'anira makoleji litakana, Talmadge anathothola okanawo n'kudzazamo anthu ake ovomera chilichonse, ndipo Cocking anapita. Bungwe loona za mulingo wa maphunziro m'zigawo zakummwera linabwezera pofufuta makoleji 10 a boma pa mndandanda wa sukulu zovomerezeka. Digiri ya mwana wa mzungu inasanduka pepala wamba. Apo m'pamene makolo achizungu anadzidzimuka. Arnall, amene anali mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, anaona mpata, anaima mu 1942, n'kugwetsa Talmadge. Analumbira ali ndi zaka 35.

Onetsetsani chimene chinakwiyitsa ovota aja. Sanakwiye chifukwa ana a anthu akuda amaphunzirira m'zisakasa. Anakwiya chifukwa moto unafika pa mapepala a ana awo. Arnall anazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake pa kampeni sananene kuti kusakaniza ana m'kalasi si mlandu. Anawatsimikizira azungu kuti nayenso tsankho m'masukulu adzalisunga, kungoti iye adzalisunga mwaukhondo, popanda kuchititsa chigawo manyazi.

Ukhondowo anaubweretsadi, ndipo mwachangu. M'masiku 24 okha nyumba ya malamulo inavomereza mfundo zake 10. Makoleji anawachotsa m'manja mwa gavanala ndipo anabwereranso pa mndandanda. Mphamvu yokhululukira akaidi, imene m'mbuyomo inali ndi fungo la katangale, anaichotsa mu ofesi yake yomwe n'kuipereka ku bungwe loima palokha. Anathetsa zomanga akaidi maunyolo akamalambula misewu. Georgia inakhala chigawo choyamba m'dziko lonse kulola wa zaka 18 kuvota. Anabweza ngongole ya madola 36 miliyoni. Anakaima yekha m'khoti lalikulu ku Washington kutsutsa makampani a sitima amene amalipiritsa katundu wakummwera mitengo yokondera. Wandale wochepetsa mphamvu zake mwa kufuna kwake sapezeka wamba. Pamenepo chipewa ndikuvula.

Koma tiyeni tikaone mmene bungwe lake laukhondo lija linagwirira ntchito pa munthu mmodzi. Lena Baker anali mayi wakuda wa ana atatu, wogwira ntchito zapakhomo m'tauni ya Cuthbert. Mu 1944 anapha bwana wake wachizungu, Ernest Knight, ndi mfuti ya bwanayo. M'khoti anafotokoza kuti Knight amamutsekera m'chigayo chake, ndipo tsiku limenelo anamunyamulira chitsulo. Mlandu sunathe n'komwe tsiku lathunthu. Ogamula anali amuna okhaokha, azungu okhaokha. Arnall anaimitsa chilangocho masiku 60 kuti bungwe liunike, bungwe linakana, ndipo pa 5 March 1945 mayiyo anamukhazika pa mpando wamagetsi ku ndende ya Reidsville. Ndondomeko yonse inatsatidwa. Palibe analandira chiphuphu. Mapepala anasainidwa pamalo pake. Bungwe lomwelo linadzamukhululukira mu 2005, patatha zaka 60 ali m'manda. Umu ndi mmene boma loyera limaonekera ngati chilungamo mulibe: limapha mwadongosolo.

Omutamanda amathamangira kutchula 1945, chaka chimene anathetsa msonkho umene munthu amalipira kuti avote. N'zoona, msonkhowo umatchinga amphawi. Koma dzifunseni chifukwa chake ngakhale Talmadge weniweniyo anadzavomera kuti uchoke. Anawerengera kuti opindula ndi alimi osauka achizungu, anthu ake. Khomo lenileni linali lina. Ku Georgia wa nthawi imeneyo wopambana chisankho cha chipulula cha chipani cha Democratic ndiye amatenga mpando, ndipo chipululacho chinali cha azungu okha. Chaka chomwecho kunavomerezedwa malamulo atsopano oyendetsera chigawo, olembedwa ndi komiti imene Arnall anatsogolera. Anali ndi cholembera m'manja. M'malamulo atsopanowo munatsala chiganizo cholamula sukulu zosiyana za azungu ndi anthu akuda, munatsalanso mayeso owerenga amene alembi a kaundula amagwetsera aliyense amene khungu lake silinawasangalatse.

Amene anagogoda pa khomo lenilenilo sanali gavanala. Anali Primus King, wometa tsitsi komanso mlaliki wa ku Columbus. Pa 4 July 1944, miyezi itatu khoti lalikulu litagamula pa mlandu wa ku Texas kuti chipulula cha azungu okha n'chosemphana ndi malamulo, King analowa m'nyumba ya khoti ya dera la Muscogee kuti aponye voti. Anamutulutsa panja. Iye analunjika kwa loya n'kukasuma. Anapambana mu 1945, ndipo pofika April 1946 apilo yonse ya otsutsa inali itagwa. Munthu wa lumo ndi sizasi, wopanda apolisi omulondera, anachita chimene boma lonse la Arnall silinayese.

Apa ndi pamene Arnall anachita chinthu chake chachikulu koposa, ndipo ndichinene mosabisa. Ku South Carolina, gavanala Olin Johnston anaitanitsa nyumba ya malamulo mwadzidzidzi mu 1944 n'kufufuta malamulo onse a chipulula, kuti chipani chioneke ngati kalabu ya anthu wamba imene khoti silingailowerere. Anthu a Talmadge anafuna chinyengo chomwecho ku Georgia. Arnall anakana kuitanitsa aphungu. Anati chigamulo cha khoti chitsatidwe. Kukana kumeneko kunamudyera abwenzi ndi tsogolo lake la ndale, ndipo anthu akuda oposa 100,000 analowa m'kaundula. Koma tiyese bwino kukula kwa ulemuwo. Mphatso yaikulu imene gavanala wabwino koposa anapatsa nzika zakuda inali yakuti sanathandize kuziba. Ngati pamenepo ndi pamwamba penipeni, ndiye kuti pansi panali patali zedi.

Ndipo ataloledwa kuvota, ndani anawateteza? Chipulula cha pa 17 July 1946 chinaonetsa zonse. Arnall samaloledwa kuimanso motsatizana, choncho anaikira kumbuyo James Carmichael. Carmichael anaposa Talmadge ndi mavoti pafupifupi 16,000, koma analuza. Georgia simawerenga anthu, imawerenga madera. Mwa madera 159, akuluakulu 8 anali ndi mavoti 6 lililonse, apakati 30 anali ndi 4, ndipo aang'ono 121 anali ndi 2 lililonse. Timadera titatu takumudzi timafanana mphamvu ndi Fulton, kumene kuli Atlanta. Makina amenewa anapangidwira anthu ngati Talmadge, ndipo Arnall anakhala zaka zinayi osalimbana nawo. Kumidziko anthu a Talmadge anafufutitsa mayina ambirimbiri a anthu akuda m'kaundula, otsalawo n'kuwaopseza.

Maceo Snipes, msilikali wobwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anavota m'dera la Taylor. Mawa lake azungu anafika pakhomo, anamuitanira panja, n'kumuwombera, ndipo anamwalira patatha masiku awiri. Pa 25 July, pafupi ndi mlatho wa Moore's Ford m'dera la Walton, gulu la azungu linaimitsa galimoto n'kupha anthu anayi: George Dorsey, nayenso msilikali wakale, ndi mkazi wake Mae, Roger Malcom ndi mkazi wake Dorothy. Arnall anadzudzula, analonjeza mphotho ya madola 10,000 kwa woulula akuphawo, ndipo anali atalamula kale maloya a boma kuti alande chiphaso cha gulu la Ku Klux Klan. A FBI anafunsa anthu oposa 2,000. Mpaka lero palibe amene khoti linamupeza wolakwa pa kuphako. Kudzudzula maliro atachitika n'kosavuta. Funso ndi lakuti mphamvu za boma zinali kuti sabata ya chisankho, pamene aliyense amadziwa zimene zikuphikidwa.

Ndikudziwa yankho la omuikira kumbuyo. Amati nthawi yake inali yotero, akadalankhula poyera zotsutsa tsankho sakadasankhidwa, akadakhudza mavoti a madera aphungu akumidzi akadamukhadzula. Mwina n'zoona. Koma taonani zimene kusamala kwakeko kunamugulira. Atsankho anamutchabe wogulitsa mtundu. Buku lake la The Shore Dimly Seen ndi maulendo ake okalankhula m'mizinda yakumpoto zinamupatsa mbiri kunja, kwawo zinamupatsa dzina la wonyoza kwawo. Mtengo wa munthu wolimba mtima anaulipira wonse, katundu wake osatenga. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa: anafuna kubisala kwa azungu a tsankho ndi kwa okonda chilungamo nthawi imodzi, mvula inamupeza pakati.

Mathero a ulamuliro wake anali chisudzo chomvetsa chisoni. Talmadge anamwalira pa 21 December 1946 asanalumbire. Aphungu anasankha mwana wake, Herman, potsamira mavoti ochepa olemba dzina pamanja, ena mwa iwo ochokera m'dera la Telfair, kumene mtolankhani George Goodwin anadzapeza kuti akumanda nawonso anavota, mayina awo atandandalikidwa motsatira alifabeti. Arnall anakana kutuluka. Anthu a Herman anasintha maloko a ofesi, ndipo gavanala woyeretsa boma uja anakakhala pa kadesiki kolandirira alendo pakati pa nyumba ya malamulo. Mlembi wa chigawo, Ben Fortson, anabisa chidindo cha boma pansi pa khushoni ya njinga yake ya olumala kuti aliyense wa olimbiranawo asachigwiritse ntchito. Khoti linapereka mpando kwa wachiwiri kwa gavanala, Melvin Thompson, mu March 1947, koma mu 1948 Herman Talmadge anautenga pa chisankho, ndipo Georgia inalowa m'zaka zokana mwamtu wagalu kutsegula sukulu zake.

Arnall anayesanso mu 1966. Anatsogola pa chipulula choyamba, Jimmy Carter ali wachitatu, koma pa chibwereza anagonja kwa Lester Maddox, mwini lesitilanti amene anatchuka chifukwa chothamangitsa makasitomala akuda ndi mfuti ndi mipini ya nkhwangwa. Pamenepo mavoti a madera anali atatha kale, ndiye palibe makina oti awanamizire. Azungu a ku Georgia anasankha mpini m'malo mwa loya, chifukwa kwa zaka zonsezo atsogoleri awo ofatsa amangowalonjeza kuti tsankho likhoza kuyendetsedwa mwaulemu. Palibe anawauza kuti liyenera kutha.

Werengani amene anatsegula makomo a Georgia. Chipulula cha azungu anachigwetsa Primus King. University of Georgia anaitsegula Charlayne Hunter ndi Hamilton Holmes mu January 1961, ndi chigamulo cha khoti m'manja. Mavoti a madera anagwa mu 1963 chifukwa James Sanders, wovota wa ku Fulton, anakasuma. Dokotala Thomas Brewer, amene anathandiza kukonza mlandu wa King, anaphedwa ndi mfuti ku Columbus mu 1956. Pa mndandanda umenewu palibe gavanala ndi mmodzi yemwe.

Choncho wandale akabwera ndi mabuku a ndalama owerengeka bwino, ngongole zobwezedwa ndi mabungwe oima paokha, muombereni m'manja, kenaka mum'funse mafunso atatu: ndani akuloledwa kuvota, voti yake ikulemera bwanji, ndipo akavota agona m'nyumba mwake kapena m'bokosi? Arnall anayankha loyamba mochedwa, khoti litamuyankhira kale. Awiri enawo anawasiyira anthu opanda mpando, opanda malipiro a boma, ndipo ena a iwo anayankha ndi magazi awo. Mtsogoleri wotere tingamutche woyang'anira wabwino. Dzina la mpulumutsi si lake, ndipo tileke kumukongoza.