Ubusa: Mawu Amene Adachoka Kukhola Kupita Pagome

Mwana wa masiku ano ku Ntcheu akamva kuti kwabwera abusa, amathamangira tsache ndi kuyamba kuthamangitsa nkhuku, pakuti amadziwa kuti mlendoyo ndi wa kolala yoyera ndi Baibulo m'manja. Agogo ake a mwanayo ali anyamata, mawu omwewo akamveka chakumadzulo ankatanthauza kuti fumbi laoneka kudambo, ndipo wina achotse mipiringidzo pakhomo la khola. Mawu sadasinthe, koma ulemu udasamuka. Abusa a pagome timawayalira mphasa yatsopano, pamene mbusa wa ng'ombe amadyera kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwana akalephera mayeso amaopsezedwa kuti adzathera kubusa. Adzukulu ayenera kudziwa kumene mawuwa adachokera, chifukwa amene sadziwa ntchito ya mbusa wa kukhola alibe muyeso woyezera abusa ena onse.

Mawuwa ali ndi banja lake. Busa ndi malo a msipu kumene ziweto zimadyera. Mbusa ndi munthu wopita nazo kumeneko, ndipo ubusa ndi ntchito yake pamodzi ndi khalidwe limene ntchitoyo imafuna. Kuweta ndi kwina: woweta ndiye mwini, amene adagula kapena kulandira ziwetozo ngati chuma chamasiye. Mbusa kawirikawiri sakhala mwini. Amatenga chuma cha wina m'mawa, nachibweza madzulo chili chokhuta ndi chokwanira. Pamenepa ndi pamene pagona tanthauzo lonse. Ndi bwinonso kudziwa kuti m'Chizulu, chimene ndi chibale cha Chingoni cha makolo, ukubusa ndiko kulamulira dziko, ndipo kudyetsa ziweto amati ukwelusa. Awa ndi mawu a zinenero ziwiri ndipo sayenera kusokonezedwa, komabe khutu la Mngoni wa ku Ntcheu silingalephere kumva kuti ufumu ndi ubusa zikuitanizana.

Angoni a Maseko, amene adakhazikika pa phiri la Domwe cha m'ma 1870 ndipo likulu lawo lero lili ku Lizulu pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani, ankamanga mudzi mozungulira khola, limene ankalitcha chibaya. Pachipata cha khola ndi pamene madoda ankakhala poweruza milandu. Chishango cha msilikali chinkachokera pa chikopa cha ng'ombe, ndipo mizimu ya makolo inkapembedzedwa ndi ng'ombe yopatulidwa. Mayi Margaret Read wa ku England, amene adakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, adalemba m'buku lake la Children of Their Fathers la mu 1959 kuti mnyamata akaguluka mano a ubwana ankachoka m'manja mwa amayi, nakagona kulaweni ndi anyamata anzake, ndipo usana wake wonse unkathera kubusa. Kumeneko kunali sukulu yopanda bolodi. Wamng'ono ankayamba ndi mbuzi ndi ana a ng'ombe, ankatumidwa ndi akuluakulu kukabweza zosochera, ankaphunzira kumenyana ndi ndodo, kudziwa udzu wopha ndi udzu wonenepetsa, ndiponso kupirira mvula ndi njala. Mayeso ankachitika tsiku lililonse dzuwa likamalowa, pamene mwini khola ankaima pachipata ndi kuyang'ana ng'ombe imodziimodzi. Ikasowa imodzi, nsima inkadikira. Zikalowa m'munda wa eni, nkhuyu zodya ana zinkapota akulu, ndipo mnyamatayo sankaiwala tsikulo.

Kubusa komweko ndi kumene kunkabadwira ndakatulo. Mbusa sankawerenga ng'ombe ndi manambala. Ankazidziwa ndi maina, ndipo dzina linkachokera pa maanga a chikopa, kupindika kwa nyanga, kayendedwe kapena mkhalidwe wake. Nkhunzi ziwiri zikagundana kudambo, mnyamata aliyense ankaimirira kumbuyo kwa yake ndi kuilakatulira, kutchula amake, kutchula nkhunzi zimene idagonjetsa kale, mpaka mawu kusasa. Wina ankaliza chitoliro cha bango, wina ankaumba ng'ombe zadothi za linunda lalikulu. Luso lomwelo likakula ndilo linkasanduka zithokozo, mawu otamanda mafumu ndi ngwazi, ndipo n'chifukwa chake mfumu m'zithokozo imayerekezedwa ndi nkhunzi. Amene adapitako ku Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, pafupi ndi manda a Gomani Chikuse amene adaphedwa ndi Angerezi mu 1896, adamvako mawu othamanga a wotamanda mfumu asadayambe kugunda ngoma. Mpweya wautali umenewo akale ankauphunzirira pa ng'ombe. Izi ndizo ndakatulo za ubusa zenizeni: wolakatula ndi mbusa mwini, ndipo chimene akutamanda wachichotsa nkhupakupa ndi manja ake.

Azungu nawonso ali ndi ndakatulo za ubusa, koma mbiri yake ndi ina ndipo ili ndi chenjezo. Agiriki ankatcha mbusa wa ng'ombe boukolos, ndipo m'menemo mudachokera mawu a Chingerezi akuti bucolic. Aroma ankatcha mbusa pastor, m'mene mudachokera pastoral. Woyambitsa mtundu umenewu wa ndakatulo adali Theocritus wa ku Syracuse pa chilumba cha Sicily, amene adalemba cha m'ma 270 Khristu asadabadwe. Abusa ake amapikisana kuimba, amabetcherana ziweto ndi kudandaula za chikondi. Patapita zaka zoposa 200, Virgil wa ku Roma adalemba ndakatulo khumi zotchedwa Bucolica, zimene zimadziwikanso kuti Eclogues, mawu otanthauza zosankhidwa. Alakatuli onse awiriwa adali anthu ophunzira olembera anthu a m'mizinda. Komabe Virgil sadabise misozi ya kumudzi. Ndakatulo yake yoyamba ndi ya abusa awiri, wina wakhala pamthunzi chifukwa munda wake wapulumuka, mnzake akuchoka ndi mbuzi zake chifukwa malo ake apatsidwa kwa msilikali, monga zidachitikiradi ku Italy itatha nkhondo ya ku Philippi mu 42 Khristu asadabadwe.

Otsatira ake ambiri adatenga mthunzi ndi chitoliro, nasiya mlandu wa malo. M'kupita kwa zaka mawu akuti bucolic adayamba kutanthauza chilichonse chokongola ndi chabata cha kumudzi, ndipo nthawi zina ankanenedwa monyoza munthu wachimidzi. Mawu akuti pastoral adafalikira ku zithunzi ndi ku nyimbo, monga nyimbo yaikulu yachisanu ndi chimodzi ya Beethoven ya mu 1808. Mfumukazi Marie Antoinette ya ku France idafika pomangitsa kamudzi kongoyerekeza m'munda wa nyumba yachifumu ku Versailles kuyambira mu 1783, kokhala ndi ziweto ndi nyumba ya mkaka, kuti izikapumulako. Mu 1789 anthu a njala adaukira ufumuwo. Ubusa wa pachithunzi sununkha ndowe, ndipo suli ndi madzulo owerengera. Matenda omwewa adafika kuno. Ndakatulo zambiri zotamanda kumudzi zimalembedwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi anthu amene amafika kwawo pa Khirisimasi ndi pamaliro pokha. M'ndakatulo zawo mbalame zimaimba ndipo ng'ombe zimalira mokoma, koma simupezeka mnyamata waganyu wa kuchigwa cha Bwanje amene wayenda tsiku lonse wopanda nsapato.

Tanthauzo lachitatu lidabwera ndi amishoni. Ansembe a Montfort adatsegula Nzama mu 1901, a Dutch Reformed adakhazikika ku Mlanda, ndipo mipingo ina idamanga ku Gowa ndi ku Dombole. Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922, sadavutike kufuna mawu atsopano pa Salimo 23 kapena pa Yohane 10, chifukwa mbusa adali kale m'kamwa mwa anthu. Mngoni womva kuti mbusa wabwino amaitana nkhosa zake ndi maina sadafune womufotokozera, pakuti izi ndi zimene mwana wake ankachita m'mawa uliwonse. Womva za munthu wosiya 99 kukafuna imodzi yotayika ankadziwa mdima, minga ndi afisi a nkhaniyo. Kuyambira pamenepo mtsogoleri wa mpingo adatchedwa mbusa, ndipo mwaulemu Abusa, ndipo episkopi wa Chikatolika amanyamula ndodo yokhota ya woweta nkhosa kufikira lero.

Dzina limeneli lidadza ndi ngongole yake. Buku lomwelo, pa Ezekieli 34, limadzudzula abusa odzidyetsa okha, amene amadya mafuta ndi kuvala ubweya osasamala yodwala ndi yothyoka. Mnyamata wa kukhola akadamva zimenezi akadaseka, chifukwa iye ankadziwa kuti mbusa wopha mwana wa ng'ombe kutchire ndi kumuwotcha ndi wakuba basi. Koma m'badwo umene sudagwirepo mkwapulo umamva mawu akuti Abusa ngati udindo wapamwamba chabe, wofanana ndi bwana. Ndiye nkhosa zimayenda pansi kukapereka, mbusa nadzera pagalimoto, ndipo palibe wofunsa kuti mwini khola ndani. Ku Ntcheu kuli abusa ambiri okhulupirika amene amapalasa njinga m'mapiri a Tsangano kukaona odwala ndi kuika maliro m'matope. Iwowa ndi amene amapwetekedwa koposa dzina likatsika mtengo chifukwa cha anzawo.

Dziko lino lidaonapo tsiku limene mawuwa adabwerera ku tanthauzo lake lakale. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Chikatolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith, mtundu wa kalata umene pa Chingerezi umatchedwa pastoral letter, ndiko kunena kalata ya ubusa. Idanena poyera za umphawi, malipiro ochepa, kuchepa kwa sukulu ndi zipatala, ndiponso kumangidwa kwa anthu popanda mlandu, pa nthawi imene kutero kudali kuika khosi pampeni. Boma lidaitcha kalata youkira, maepiskopi adafunsidwa ndi apolisi, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri. Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene adalemba kalatayo adachita zimene mnyamata wa kubusa amachita fisi akatulukira: adaima pakati pa chilombo ndi ziweto, ali ndi ndodo yokha.

Ena adzati tsobola wakale sawawa, ndipo ali ndi mfundo zomveka. Ubusa udalanda anyamata ambiri sukulu, ndipo pamene boma lidachotsa fizi ya pulayimale mu 1994 lidachita bwino kuwaitanira m'kalasi. Kulaweni kudali nkhanza zake, ndipo wamng'ono ankadya zotsala. Malo nawonso adachepa: kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu, ndipo madambo amene adali busa tsopano ndi madimba a kabichi, tomato ndi mbatatesi zogulitsa pa Lizulu ndi pa Tsangano. Munthu wanzeru sangauze mdzukulu wake kuti asiye buku akatsate michira ya ng'ombe. Ena adzatinso mawu amayenda ndi nthawi, ndipo palibe angawamange chingwe. Izinso n'zoona. Koma mawu okuluwika amakhala ndi mphamvu pokhapokha womva akudziwa chinthu chimene akuyerekezera. Mwambi wonena za nkhwangwa sungaphunzitse munthu amene sadaonepo mtengo ukugwa.

Choncho pali ntchito imene adzukulu angagwire osasiya sukulu. M'midzi ya kwa Njolomole, kwa Kwataine, kwa Ganya ndi kwa Mpando mukadali nkhalamba zimene zidakulira kubusa, ndipo zikukumbukira maina a ng'ombe za atate awo ndi mawu amene zinkalakatula nkhunzi zikamagundana. Foni imene ili m'thumba imatha kujambula mawu. Mdzukulu akhale pansi mwaulemu, afunse kuti, “Agogo, nkhunzi yanu munkaitamanda bwanji?” ndipo asadule mawu ngakhale Chingoni chake chikhale chovuta kumva. Aphunzitsi a Chichewa angachite bwino kuika zimenezi pambali pa ndakatulo za m'mabuku, kuti ana aone kuti luso limene Agiriki adalilemba, makolo awo adali nalo pakamwa. Wolemba ndakatulo ya kumudzi atsate Virgil pa chinthu chimodzi, chosabisa amene walandidwa. Ndipo banja limene lili ndi mbusa waganyu limulipire pa nthawi yake, limudyetse chakudya chimene ana a pakhomo akudya, ndipo ngati ndi mwana wa msinkhu wa sukulu, malo ake ndi m'kalasi, pakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Kwa onse otchedwa ndi dzinali, kaya ndi a pagome, a pabwalo la milandu kapena a ku Nyumba ya Malamulo amene amakonda kunena kuti anthu anga, muyeso ndi womwe uja wa pachipata cha khola. Kodi akuzidziwa ndi maina? Kodi zabwera zokhuta? Kodi zakwanira? Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wovomera kutchedwa mbusa wavomeranso kuti ziweto si zake, ndi kuti dzuwa likapendeka mwini adzaima pachipata kuwerenga.