Nyumba ya Wojambula Iyambire pa Ntchito Yake

Ana anga, inu amene mukukonzera nyumba mnzanu wojambula, kaya wosema kaya woumba, ndikuona mukuthamangira makatani ndi mipando ya pabalaza, zithunzi zake n'kuzipachika pomalizira pongotseka khoma. Dekhani. Safunsa anadya phula. Mufunseni mwini wake: amagwira ntchito nthawi yanji, kuwala amakufuna mbali iti, amajambula ali chiimire kapena atakhala pansi?

Taonani Casa Azul, nyumba yabuluu ya wojambula Frida Kahlo ku Coyoacán, mumzinda wa Mexico City. Mu 1925, ali ndi zaka 18, basi imene anakwera inawombana ndi sitima ya mumsewu. Anathyoka msana ndi chiuno, n'kukhala miyezi ali gone. Makolo ake anamangirira galasi pamwamba pa bedi, namupangitsira choimikapo nsalu chakuti azijambula chogona. Mtsikanayo akatsegula maso ankadziona yekha, ndipo nkhope imeneyo ndiyo anaijambula kambirimbiri moyo wake wonse. Galasi limenelo, ana anga, silinali lokongoletsera. Linali chida.

M'zaka za m'ma 1940, mwamuna wake Diego Rivera anamangitsa chipinda chogwiriramo ntchito, cha miyala yochokera kuphiri lophulika, cha mawindo akuluakulu oyang'ana kumaluwa. Thanzi litafooka, Frida ankafika pachoimikapo nsalu ali panjinga ya olumala, utoto ndi maburashi zili pafupi ndi dzanja. Khitchini nayo inali yawo ndithu, yachikasu ndi buluu, miphika yadothi ili mbwee, ndipo pakhoma timiphika ting'onoting'ono tinandandalikidwa kulemba maina awo awiri. Frida anamwalira mu 1954, ndipo kuyambira 1958 anthu amalowamo kukaona mmene ankakhalira.

Musandimve ngati ndikuti mupake nyumba zanu buluu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: nyumba yonyezimira imene mwini wake akuopa kudonthetsamo utoto yamulanda ntchito, ndipo zimenezi zimandiwawa mtima ndikaziona. Chipinda chowala kwambiri mumpatse iye, alendo akhala kwina. Pansi pakhale posavuta kukolopa, pompi ikhale pafupi, mashelefu afikike osakwera pampando. Zithunzi zomalizidwa muzipachike kumene dzuwa siliwomba mwachindunji, pakuti limasulutsa utoto, ndipo khoma limodzi mulisiye lopanda kanthu, la ntchito imene sanaiyambe.